Kodi Chitsulo Chingachite Chifundo?

Pa 17 Novembala 2016 galimoto ya thanki imene inanyamula mafuta kuchokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika pamudzi wa Caphiridzange, m'boma la Moatize, m'dera limene mumadutsa msewu waukulu wopita kumalire a Zóbuè. Anthu anali ataunjikana pamenepo ndi zigubu, aliyense kufuna kutungako petulo. Pasanathe sabata akufa anafika 80, ovulala anaposa 100, ndipo ochuluka mwa iwo anathamangira nawo ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete. Dziko lonse la Mozambique linakhuza maliro masiku atatu. Pa wailesi ankakamba za moto, za oyendetsa galimotoyo, za umphawi umene umakokera bambo ndi mwana wake pafupi ndi thanki ya petulo. Koma anamwino a m'wodi ya anthu akupsa amakumana ndi funso lina, lobwera moto utazima kale: munthu amene wapsa msana, ntchafu ndi mikono, amugoneke bwanji?

Funsolo si lachibwana. Mkono wakupsa umatupa, ndiye umafunika kukhala pamwamba kuposa mtima. Wakupsa nkhope ndi khosi amafunika kumukweza mutu kuti kutupako kusatseke njira ya mpweya. Kutsuka zilonda ndi kusintha mabandeji kumatenga nthawi yaitali, ndipo namwino akamagwira ntchito imeneyi ataweramira bedi lalifupi tsiku ndi tsiku, msana wake suchedwa kutha. Pa nthawi ngati imeneyi bedi silikhalanso katundu wamba wa m'nyumba. Limakhala mbali ya chithandizo, mofanana ndi diripi ndi jakisoni.

Apa pali nkhani yoyenera kuti okhulupirira aiganizire. Ku Moatize ndi ku Zóbuè, monganso ku Mwanza tsidya lina la malire, anthu amati dokotala amapereka mankhwala koma wochiritsa ndi Mulungu. Amatinso kudwazika ndi kuzonda odwala ndi ntchito ya chifundo imene aliyense adzafunsidwe tsiku lomaliza. M'mawu onsewa chitsulo sichitchulidwa. Chifundo amachiona m'manja a mayi wosambitsa mwamuna wake, m'mbale ya phala, m'pemphero la amayi a mpingo atazungulira wodwala. Nanga bedi la handulo, mahinji ndi mawilo, lopangidwa ku fakitale yakutali ndi anthu osamudziwa wodwalayo, lili ndi gawo lanji? Ndipo likamachita zimene kale ankachita abale ndi matupi awo, likuwapeputsa katundu kapena likuwalanda udindo?

Wofuna kuyankha ayambe waona mmene wodwala kwambiri amasamalidwira pamphasa. Nkhalamba yodwala mtima ikagona chagada imabanika, chifukwa madzi amachuluka m'mapapo. Palibe anaphunzitsa anthu akumudzi zimenezi m'kalasi, koma chochita amachidziwa. Mwana wake kapena mchemwali wake amakhala kumbuyo, kutambasula miyendo uku ndi uku, n'kumutsamiritsa wodwalayo pachifuwa pake. Akatero mpweya umayamba kulowa. Wogwirayo amakhala choncho mpaka miyendo kuchita dzanzi, wina n'kubwera kudzamulandira, usiku wonse kusinthana. Pomumwetsa phala amamudzutsa chimodzimodzi, popeza aliyense amadziwa kuti kumwetsa munthu ali chogona n'kumutsamwitsa. Amapinda bulangete n'kulowetsa kunsi kwa maondo. Amatsamiritsa thumba la chimanga kukhoma. Zambiri zimene bedi lamakono limachita, thupi la m'bale linayamba kalekale kuzichita.

Koma thupi la m'bale limatopa, limafuna tulo, ndipo likudikiridwa ndi munda ndi ana ofuna nsima. M'tauni ngati ya Moatize, kumene anthu ambiri anabwera kudzafuna ntchito pamene mgodi waukulu wa malasha unayamba kutulutsa malasha mu 2011, si aliyense ali ndi abale asanu osinthana usiku.

Madokotala a kunja anafika pa nzeru yomweyi podzera njira yawo. Mu 1900 George Ryerson Fowler, dokotala wa opaleshoni wa ku Brooklyn ku America, analemba za ubwino wokweza mutu ndi chifuwa cha wodwala amene mafinya afalikira m'mimba. Nthawi imeneyo kunalibe penisilini, ndipo iye ankafuna kuti mafinyawo azitsikira m'chiuno m'malo mokwera kumtunda. Mpaka lero anamwino amatchula dzina lake akamanena za kukhazika wodwala chotsamira. Vuto linali lakuti munthu wotsamira pa mapilo amaterereka pang'onopang'ono kulowera kumiyendo, ndipo pakapita kanthawi amapezeka atakhwinyata, khosi litapindika. Mu 1909 Willis Dew Gatch, amene pambuyo pake anatsogolera sukulu ya udokotala ku Indiana University, anagawa pogona m'zigawo zitatu zolumikizana: cha kumsana, cha ntchafu ndi cha miyendo. Msana ukadzuka, maondo nawo amakwezedwa pang'ono, thupi n'kukhazikika pakati osaterereka. Mabedi a mtunduwu anadzakhala ndi mahandulo kumiyendo opukusa ndi dzanja, ndipo akugwirabe ntchito m'zipatala zambiri za mu Africa muno.

Kupindika kwa pamaondoko kumaoneka kochepa, koma kumapulumutsa khungu. Munthu akamaterereka, khungu la m'matako limakakamira pansalu pamene mafupa akutsika, timitsempha ta magazi n'kumakokeka ndi kutsekeka. Chilonda chimayambira m'kati, kunja kusanaoneke kanthu.

Chilichonse chimene chinawonjezedwa pambuyo pake chinabwera chifukwa wina anaona thupi likuvutika penapake. Bedi limakwera kufika m'chiuno mwa namwino kuti agwire ntchito ataongoka, ndipo limatsika mpaka mapazi a wodwala wokhala m'mphepete aponde pansi, kuti adzuke osagwa. Mawilo ali ndi mabuleki, chifukwa bedi likasuntha nkhalamba ikutsika, chiuno chingathyoke. Thabwa la kumutu limachoka kuti dokotala aime kuseri kwa mutu polowetsa chubu cha mpweya. Pa mabedi ambiri a magetsi pali chogwirira chimene ukachikoka msana wa bedi umagwa nthawi yomweyo, popeza mtima ukaima palibe mpata wodikira injini. Wopulumutsa amafuna wodwala ali chagada kuti ayambe kusindikiza pachifuwa. Mabedi ena amapendekeka athunthu, mutu pansi miyendo m'mwamba, kagonekedwe kodziwika ndi dzina la Friedrich Trendelenburg wa ku Germany. M'zipinda za odwala kayakaya, amene akupuma ndi makina amawakweza mutu madigiri 30 mpaka 45 kuti za m'mimba zisabwerere kukhosi n'kulowa m'mapapo, zimene zimayambitsa chibayo.

Chimene ambiri sachizindikira n'chakuti kugonako pakokha kumavulaza. Mu 1947 dokotala wa ku London, Richard Asher, analemba m'magazini ya British Medical Journal kuchenjeza anzake kuti asamafulumire kugoneka anthu masiku ambiri: magazi amaundana m'miyendo, mapapo amadzadza makhololo, mafupa ndi minofu zimafooka, mtima umataya chiyembekezo. Zaka zitatu m'mbuyo mwake Ludwig Guttmann, Myuda wothawa Hitler, anali atatsegula wodi ya asilikali othyoka msana ku Stoke Mandeville. Asanabwere iye, ambiri mwa anthu otere ankafa msanga, osati ndi kuthyokako koma ndi zilonda za pogona ndi matenda a m'chikhodzodzo. Lamulo lake linali limodzi lolimba: wodwala atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Anthu anayamba kukhala ndi moyo, ndipo masewera amene anawayambitsira mu 1948 ndiwo anakula n'kukhala Paralympics.

Lamulo la maola awirili ndi lolemera kwambiri m'chigwa cha Zambezi. Ku Moatize mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Matiresi a m'chipatala amakutidwa ndi pulasitiki kuti asalowe madzi, ndiye thukuta lilibe kopita. Khungu lonyowa limafewa n'kusupuka msanga pazidendene, m'chiuno ndi pafupa la m'munsi mwa msana. Ku Zóbuè, kumtunda kwa mapiri, mphepo imazizirirapo, koma fupa limakanikiza khungu chimodzimodzi.

Tsono mabuku oyera akuti chiyani pa zinthu ngati zimenezi? Wowerenga Baibulo mosamala amapeza kuti silinyoza pogona pa wodwala. M'mutu wachiwiri wa Marko muli nkhani ya ku Kaperenao, ya anthu anayi amene ananyamula mnzawo wofa ziwalo, n'kupeza khomo litadzadza. Alaliki amakonda kuthamangira kuchozizwitsa cha kumapeto, koma nkhaniyo imati Yesu anaona chikhulupiriro cha onyamulawo. Anachiona bwanji? Anaona anthu amene anakwera padenga, anasasula, anaganiza za kulemera kwa thupi, n'kutsitsa mphasa mofanana mbali zonse kuti munthu asagudubuzike. Chikhulupiriro chawo chinaonekera mu luso la manja ndi m'chida chimene anagwiritsa ntchito. M'mutu wachisanu wa Yohane muli munthu wina amene anadwala zaka 38 pafupi ndi thamanda la Betesda, ndipo dandaulo lake silinali lakuti Mulungu wamuiwala, koma lakuti analibe womunyamula. Salimo 41 nalo limaonetsa Mulungu mwini ngati wodwazika, wosamalira munthu pakama pake pomwe wagona. Ngati Mlengi sachita manyazi ndi ntchito ya pogona pa wodwala, palibe chifukwa choti mpingo uiyese ntchito ya pansi, yosiyira oyeretsa m'wodi.

Pamenepa yankho la funso lija layamba kuoneka. Chifundo si kuwawa kwa mumtima kokha. Munthu akhoza kulira misozi yeniyeni pambali pa wodwala amene akubanika chagada, wodwalayo osathandizika. Chifundo chimayamba pamene munthu wayang'anitsitsa thupi la mnzake mpaka kuzindikira pamene pakupweteka, n'kuchitapo kanthu. Gatch anayang'anitsitsa odwala ake akuterereka, ndipo chimene anaonacho anachisiya mu hinji ya pamaondo. Iye anamwalira kalekale, koma hinjiyo ikugwirabe ntchito kwa anthu amene dzina lake sanalimvepo. Zili ngati chitsime chimene anakumba agogo: amene akutunga lero sanawaone, koma ludzu lawo likutha ndi thukuta la agogowo. Asilamu ali ndi chiphunzitso chomveka bwino pa zimenezi, cha sadaka imene imapitirira kuthandiza anthu mwini wake ali m'manda. Chitsulo chilibe mtima, n'zoona. Koma chikhoza kusunga zimene mtima wa wina unaganiza, n'kuzifikitsa kumene mwini wake sakanafika.

Pali ena amene amakayikabe, ndipo mantha awo si opanda pake. Amamva za maiko olemera kumene nkhalamba zimagona pa mabedi okwera mtengo m'nyumba zosungira okalamba, mwezi n'kutha osaona mwana wawo. Amati makina akalowa, abale amatuluka. Amaopa kuti tsiku lina mwana wa ku Moatize adzanena kuti mayi ake ali pabwino chifukwa chakuti anawagulira bedi, iye osapondako.

Zimenezi zikhoza kuchitika, koma wolakwa sadzakhala bedi. Bedi la handulo silidzipukusa lokha. Siliona kuti chidendene chayamba kufiira, silisintha nsalu yonyowa, silidziwa kuti agogo amakonda phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene okayikawo sachiganizira. Mwana wogwira mayi ake pachifuwa usiku wonse amakhala kumbuyo kwawo. Saona nkhope yawo, amaona nkhongo. Manja ake onse awiri ndi otanganidwa, sangawapukute thukuta kapena kuwamwetsa madzi popanda kuitana wina. Chitsulo chikatenga ntchito yotsamiritsayo, mwanayo amachoka kumbuyo n'kudzakhala kutsogolo. Tsopano akuyang'anana m'maso. Akhoza kuwagwira dzanja, kuwawerengera Mawu, kumva zimene akunong'ona. Bedi latenga gawo limene chitsulo chingathe, n'kusiyira munthu gawo limene munthu yekha angathe, ndipo gawo lotsalalo ndi lalikulu kuposa lija lachotsedwa.

Mabedi a magetsi anabweretsa china chatsopano. Mu Julaye 1946 Howard Hughes, mpondamatiki wa ku America wopanga ndege, anagwa ndi ndege yake ku Beverly Hills n'kuthyoka mafupa ambiri. Ali m'chipatala anatopa ndi bedi limene anagonapo, ndipo analamula akatswiri a kampani yake kuti amupangire lina loyenda ndi mainjini a magetsi, loti azilamulira yekha ndi mabatani. Iye anatuluka asanaligwiritse ntchito, koma m'zaka zotsatira makampani anayamba kugulitsa mabedi otere m'zipatala. Kusiyana kwake ndi bedi la Gatch kuli pa malo a chowongolera. Handulo ili kumiyendo, kumene wodwala sangafike. Rimoti ili m'manja mwake.

Amene sanadwalepo nthawi yaitali angayese kuti imeneyi ndi nkhani ya ulesi wa anthu olemera. Si choncho. Munthu wofa ziwalo amapempha kuyambira m'mawa mpaka usiku: mundidzutseko, munditsitseko pang'ono, mundikwezenso. Ambiri amafika poleka kupempha. Amaona kuti mkazi wawo wangogona kumene atatha tsiku lonse ali chiimire, ndiye amangopirira ululu mpaka kucha. Wina amayamba kunena kuti bola angofa kusiyana ndi kuvutitsa anthu, ndipo mawu amenewa amapweteka odwazika kuposa ntchito yonse. Kabatani kamodzi kamamubwezera munthu wotere kachigawo ka ufulu wake. Pa chikhalidwe cha kuno zimenezi zili ndi kulemera kwake. Bambo wamkulu safuna kulonjera apongozi kapena anyakwawa ali chagada, anthu akumuyang'ana kuchokera pamwamba. Amafuna adzuke, akhale, ayankhe moni ngati mwini khomo. Mkatolika amafuna kulandira Ukaristia atakhala tsonga. Msilamu amaloledwa kuswali chokhala ngati kuima kwakanika, ndi chogonera m'mbali ngati kukhalanso kwakanika, koma amene angathe kudzikweza yekha nthawi ya swala ikakwana sadikiranso chifundo cha wina kuti apembedze. Ndipo mawu omaliza onena za munda, ngongole ndi ana amamveka bwino potuluka m'kamwa mwa munthu amene wakhala n'kuyang'ana abale ake mmodzimmodzi. Zipembedzo zimaphunzitsa kuti ulemu wa munthu suchoka ngakhale thupi litafooka motani. Komabe pali kusiyana pakati pa kukhala nawo ulemuwo ndi kuumva m'thupi mwako, ndipo wodwala amafuna zonse ziwiri.

Si chilichonse cha pa bedi chimene chili chabwino nthawi zonse. Zitsulo za m'mbali zinaikidwa kuti wodwala asagwe, koma zaphapo anthu ena. Bungwe la boma la America loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala, FDA, linalandira malipoti 803 pakati pa 1985 ndi 2009 a odwala amene anapanikizika pa mabedi, ndipo 480 mwa iwo anafa. Ambiri anali okalamba, ofooka kapena osokonezeka mutu, amene khosi kapena chifuwa chinalowa pampata wa pakati pa chitsulo ndi matiresi. Enanso pofuna kupita kuchimbudzi amakwera pamwamba pa chitsulocho n'kugwa kuchokera patali kuposa mmene akanagwera. N'chifukwa chake masiku ano mipata ya zitsulozo imayezedwa kuti mutu usalowe, matiresi amayenera kukwana bwino, ndipo kwa wodwala wosokonezeka anamwino ambiri amasankha kutsitsa bedi pafupi ndi pansi m'malo momutsekera. Phunziro lake limapitirira chipatala. Kuteteza munthu ndi kumumanga zimayandikana kwambiri, ndipo banja limene limakaniza agogo kuyenda, kusamba okha kapena kutuluka panja poopa kuti agwa, nalonso lakweza zitsulo za m'mbali.

Nanga bedi loyenera ku Moatize ndi ku Zóbuè ndi liti? Mtima wa wopereka umathamangira ku lamagetsi, lonyezimira. Koma mu 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anafalitsa kafukufuku wa zipangizo za m'zipatala za maiko osauka 16, ndipo anapeza kuti pafupifupi zinayi pa khumi zilizonse zinali zosagwira ntchito, makamaka chifukwa chosowa anthu ophunzitsidwa, zitsulo zosinthira ndi dongosolo lokonza. Chigawo cha Tete chili ndi damu la Cahora Bassa la mphamvu ya mamegawati 2,075, koma magetsi ambiri a kumeneko amapita ku South Africa, ndipo nyumba zambiri za kumidzi sizinalumikizidwe. Bedi lamagetsi likafa injini lili chokwera, limakhala loipa kuposa bedi wamba, chifukwa palibe angalitsitse. Ku Britain m'zaka za m'ma 1960 gulu lotsogozedwa ndi Bruce Archer ku Royal College of Art linatha zaka likufufuza mmene anamwino ndi odwala amagwiritsira ntchito bedi lisanapange limene linatchuka ndi dzina la King's Fund, lokwezedwa ndi phazi popanda magetsi. Anayamba ndi kuyang'ana wodi, bedi n'kubwera pambuyo.

Kolera imaphunzitsa zomwezi mwachidule. Mu 2015 matendawa atabuka ku Tete ndi ku Moatize, a Médecins Sans Frontières anathandiza boma kumanga misasa ya odwala. Bedi la m'misasa yotere lilibe hinji kapena batani. Ndi pulasitiki yolimba yokokedwa pa mafelemu, yokhala ndi bowo pakati, ndowa ili pansi pake. Wodwala kolera akhoza kutaya malita oposa 10 a madzi pa tsiku. Alibe mphamvu zodzuka, ndipo namwino amafuna kuona kuchuluka kwa zotayikazo kuti adziwe madzi obwezera. Bedi limeneli limadziwika ndi dzina la Raymond Watten, dokotala wa asilikali a pamadzi a ku America. Ndi lotsika mtengo, koma wolipangayo anaganizira manyazi ndi kufooka kwa munthu wotsekula m'mimba, ndipo chifundo chili mmenemo n'chofanana ndi cha m'bedi la madola masauzande.

Choncho ntchito ina ya chifundo, imene siitchulidwa paguwa, ndi ya munthu wothira girisi pa handulo, wowotcherera mwendo wothyoka, wosoka pulasitiki ya matiresi isanalowe magazi. Mozambique ili ndi mabedi a chipatala osakwana limodzi pa anthu 1,000 alionse, ndiye lililonse lounjikidwa kuseri kwa wodi chifukwa chosowa bauti limodzi likutanthauza munthu wogona pansi. Dzikoli linayamba ufulu wake likutsogozedwa ndi namwino, Samora Machel, amene pa 24 Julaye 1975 anaika zipatala zonse m'manja mwa boma kuti chithandizo chikhale cha aliyense. Lonjezo ngati limenelo limasungidwa kapena kusweka pa zinthu zazing'ono ngati bauti. Ndipo mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete, zinaoneka poyera kuti zipatala zazing'ono za tsidya lino sizingadalire kutumiza aliyense ku chipatala chachikulu.

Komabe odwala ambiri a nthawi yaitali sali m'chipatala. Amene anagwidwa ndi sitiroko, amene anathyoka msana pa ngozi ya njinga yamoto kapena ya galimoto zazikulu za pamsewu wa ku Zóbuè, amene khansa yawafikitsa poti madokotala anena kuti kapumuleni kunyumba, onsewa amabwerera pamphasa. Ena amabwerera ku Cateme, kumene mabanja oposa 700 anasamutsidwira pakati pa 2009 ndi 2010 kuti apereke malo ku mgodi, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Kumeneko zilonda za pogona zimayamba m'masabata oyamba, ndipo zikazama zimavuta kupola.

Anthu a ku Tete anasonyezapo kale kuti angathe kunyamulirana. Mu 2008 m'chigawo chomwechi munayamba timagulu ta anthu omwa ma ARV, osapitirira asanu ndi mmodzi, amene mwezi uliwonse amatuma mmodzi kukatengera onse mankhwala. Boma linatengera njira imeneyi m'zigawo zina, ndipo maiko ena anadzaphunzira. Mtima womwewo ukhoza kugwira ntchito pa pogona. Kalipentala aliyense wa pamsika wa Moatize angathe kukhoma chotsamira cha matabwa chokhala ndi mahinji awiri ndi mano atatu kapena anayi osinthira kupendekeka, choika pa bedi wamba kapena pamphasa pomwe. Wowotcherera amene amapanga mageti angathe kudzutsa bedi lakale la handulo. Mphakati, chigwirizano cha amayi kapena mzikiti zimene zimasonkha ndalama za bokosi ndi chakudya cha pamaliro zikhoza kusunga bedi limodzi kapena awiri obwereketsa, pamodzi ndi anthu awiri ophunzitsidwa ndi namwino kutembenuza wodwala, kuika pilo pakati pa maondo ndi kuyang'ana khungu.

Chopinga chachikulu mwina sichidzakhala ndalama. Mwambo wakale wa Achewa unali wokulunga maliro m'mphasa, ndipo m'madera ambiri nyumba ya womwalirayo inkagwetsedwa. Zinthu zimene munthu wafera nazo zimaopedwa mpaka lero. Banja lina lidzakana bedi lobwereka pomva kuti pa ilo panatsirizikira bambo wa nyumba yakutiyakuti, ndipo wodwala mwiniyo akaliona likulowa pakhomo angaganize kuti abale amutaya kale. Mantha amenewa sachoka ndi kunyoza. Amafuna abusa, ansembe, mashehe ndi anyakwawa amene angakhale pansi ndi banja n'kukumbutsa kuti m'chipatala aliyense amagona pamene anagona ena, ndi kuti pa bedi lomwelo ena anadzukapo n'kuyendanso. Amafunanso kuti bedi likabwerera litsukidwe ndi klorini anthu akuona, matiresi aikidwe pulasitiki yatsopano, ndipo ngati banja likufuna pemphero lisanalowe m'nyumba, lipemphereredwe. Woyamba kulilandira akakhala mkulu wa mpingo kapena mayi wa anyakwawa, nyumba yachiwiri siidzavuta.